Makalata Amene Ndinakulunga M'chitenje

Ntchito yanga yoyamba ku England inali yosambitsa, kuveka ndi kudyetsa okalamba pa nyumba ina yowasungira ku Evington, mumzinda wa Leicester. Kwathu ndinali mphunzitsi wa sitandade sikisi, munthu wopatsidwa mpando pa msonkhano uliwonse, koma ulemu umenewo unatsalira pa bwalo la ndege. Ndinkachoka ku Braunstone m'mamawa, kukwera mabasi awiri, n'kukafika zala zitauma ndi chisanu. Zimenezo sindinkadandaula nazo kwambiri. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali viza yanga, chifukwa inali yomangiriridwa pa nyumba imeneyo ngati mbuzi pa chikhomo. Akanandichotsa ntchito, ndikanakhala ndi masiku owerengeka oti ndipeze ena ondilemba, apo ayi ine ndi mwana wanga wamkazi, yemwe anali atangoyamba kuzolowera sukulu, tikanalongedza zikwama. Tonse obwera mwa njira imeneyo tinkayenda monyang'ama, kuopa kuponda polakwika.

M'chipinda chakumapeto munkakhala mayi wina wachizungu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Mumtima ndinkawatcha adona. Maso awo anali atatha, moti ankangoona zithunzithunzi, koma pakamwa panali pakuthwa kwabasi. Tiyi akazizira pang'ono, nyumba yonse inkadziwa. Anzanga ankakankhirana chipindacho, ine n'kumachitenga, chifukwa nawonso kale anali mphunzitsi, ndipo ukali wa mphunzitsi mnzanga sundiopsa.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkalephera kusiya. Ndikamayankhula ndi adona atakhala pampando wawo, ndinkagwada. Sindinkachita kuganiza, bondo linkapita lokha, monga linkachitira kwa azakhali anga. Amanejala athu, mayi wa magalasi wosaseka wamba, anandiitana kawiri konse. Anati pansi pali majeremusi, yunifolomu ida, ndipo ndikadzavulala bondo kapena msana iwo ndiwo adzafunsidwe, ndizikoka mpando. Ulendo wachiwiri anachita kulemba pa pepala n'kuliika mufayilo yanga, ine nditasayina. Ndinavomera ndi mtima wonse, mawa lake ndinapezeka ndagwadanso. Bondo langa silinaphunzire Chingelezi.

Tsiku lina masana, nditamaliza kuwapesa tsitsi, anandiuza kuti nditsegule kabati nditulutse chitini chakale cha mabisiketi. Munali makalata omangidwa ndi kansalu, mapepala atasanduka ofiirira, ndi kabuku kakuda kokwana m'dzanja. Anati amene analemba makalatawo ndi agogo awo aakazi ali mtsikana, m'nyengo imene Angelezi amaitcha ya Vikitoriya. Makolo a mtsikanayo anali oluka masokosi mu Leicester momwemu, ndipo iye anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera kumidzi ya kufupi ndi Derby. Makalatawo ankalembera amayi ake. Kabukuko kanali dayale yake, momwe ankalembamo za tsiku ndi tsiku, zoti asaone munthu.

"Maso anga atha," anatero adona. "Iwe akuti unali mphunzitsi. Tiye tione."

Ndinatenga kalata yapamwamba modzitama. Ine amene ndinkachonga makope a ana odzaza kalasi, ena olemba ngati nkhuku yapalasa, ndingalephere kalata ya mtsikana mmodzi? Ndinalephera. Zilembo zinali zopendekera mbali imodzi, zogwirana manja kuyambira kuno mpaka uko. Choipitsitsa, tsamba likadzaza, mtsikanayo ankalitembenuza cham'mbali n'kulembanso mopingasa pamwamba pa mizere yoyamba, poti pepala linali lodula. Tsamba lonse linkaoneka ngati lichero. Ndinawerenga mawu atatu n'kuima, thukuta lili kamukamu.

"Ukuthamangira kuti?" anakalipa adona. "Munthuyo anamwalira kalekale, sathawa. Bweza kalatayo. Yamba wayala onse pabedi, uwaike m'ndondomeko potsata chidindo cha ku positi. Ukayambira pakati ulira maliro a munthu amene sunamudziwe."

Umu ndi mmene sukulu yanga inayambira, mphindi zochepa tsiku lililonse, pa nthawi yanga yopuma. Malamulo awo ndimawakumbukirabe, pamodzi ndi kukalipa kwake. Utenge kakhadi uphimbe tsamba lonse, usiye mzere umodzi wokha. Uyambe wafuna mawu amene ukuwadziwa kale, monga moni wa kumayambiriro kapena dzina la tsiku, uone mmene dzanja lake limapindira zilembo, kenaka upite nazo pa mawu ovutawo. Uziwerenga mokweza, chifukwa khutu limatola chimene diso laphonya. Anthu onse otchulidwa uwalembe pa pepala lapadera, kuti usasokoneze azakhali ndi mphaka. Izi ankanena chifukwa tsiku lina ndinamvera chisoni mayi wina amene ankagona m'khitchini pafupi ndi moto, adona n'kuseka mpaka kutsokomola, poti mayiyo anali ndi miyendo inayi. Za nyengo usadumphe. Mvula ikagwa mlungu wathunthu ndiye kuti zochapa sizinaume, ndiye kuti wina wakalipiridwa. Nthawi zina ndinkapsa mtima, kufuna kuwauza kuti ine si mwana wa sitandade wani, koma ndikayesa njira yawo mawu ankatulukadi.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti kalata payokha usaikhulupirire. Ukawerenga kalata, tsegula dayale pa tsiku lomwelo.

Chifukwa chake ndinachiona pa kalata yachinayi. Mtsikanayo anauza amayi ake kuti ali bwino, akudya mokhuta, mayi wa panyumbapo ndi wachifundo, asade nkhawa. Mu dayale, tsiku lomwelo, analemba kuti zala zake zang'ambika ndi madzi ozizira ochapira, kuti wagwetsa mbale n'kumanidwa chakudya chamadzulo, ndiponso kuti wakalirira pa masitepe akumbuyo kuti asamve munthu. Ndinasiya kuwerenga. Lamulungu lililonse ndinkaimbira foni amayi anga kumudzi ku Ntcheu, ndipo mawu anga anali omwewo: tili bwino, ntchito ikuyenda, musade nkhawa. Zinandiwawa kuti mtsikana wa mtundu wina, wakufa kalekale, wandigwira bodza.

"Wasiyiranji?" anafunsa adona.

"Ndi chimfine, mayi."

"Chimfine chimenecho ndikuchidziwa. Mina, upitirize."

Tinayenda choncho miyezi iwiri, mpaka tinafika pa kalata imodzi imene inatikanika. Inali mu envelopu ya mzere wakuda m'mphepete, chizindikiro chakuti nkhani yake ndi ya maliro, ndipo inalembedwa mopingasa mbali zonse ziwiri, inki itafalikira. Masiku atatu ndinalimbana nayo osapitirira mzere wachiwiri. Lachisanu shifiti yanga inali yothera masana, ndipo nditapita kukatsanzika adona anali ndi chitini pamiyendo.

"Tenga upite nacho kwanu. Uli ndi Loweruka ndi Lamulungu. Lolemba udzandiwerengere."

"Sizololedwa, mayi," ndinatero. Lamulo ndinkalidziwa, ndinalisayina ndekha tsiku loyamba: osalandira mphatso, osatulutsa katundu wa okhala m'nyumbamo, ngakhale chipeso.

"Sindikukupatsa, ndikukubwereka. Tenga."

Anachinyamula ndi manja onse awiri n'kuchitambasulira kumene kunkachokera mawu anga. Chitini chinakhala m'mwamba choncho, sanachibweze. Ine ndinakula ndikuuzidwa kuti wamkulu akatambasula manja sumusiya choncho. Mutu unkakana, koma ndinapezeka ndagwada, ndalandira ndi manja awiri.

Kunja kunali mvula. M'chikwama mwanga simusowa chitenje, ndiye ndinachiyala pa benchi ya m'chipinda chosinthira zovala n'kukulungamo chitinicho bwinobwino, mfundo ziwiri, monga timakulungira chilichonse chimene tikuchilemekeza, kaya ndi Baibulo, kaya ndi mphatso ya kwa apongozi. Ndinachifungatira pachifuwa n'kutuluka. M'buku la manotsi, mmene tinkalembamo chilichonse chochitika kwa munthu aliyense, sindinalembemo kanthu, poti ndinkathamangira basi. Pa ntchito imeneyo tinkauzidwa tsiku ndi tsiku kuti chimene sichinalembedwe sichinachitike, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Loweruka masana ndinakhala pa tebulo la kukhitchini ndi kakhadi kanga, ndipo kalata ija inagonja. Lolemba ndinafika kuntchito ndikuyenda monyadira, chitini chili m'chikwama. Ndinapeza amanejala ali pakhomo penipeni, atapinda manja.

"Musasinthe zovala. Tiyeni ku ofesi."

Zimene zinachitika n'zakuti Lamulungu kunabwera mwana wamkazi wa adona, mayi wa imvi kale, yemwe ankabwera mwa apo ndi apo. Anatsegula kabati kufuna juzi n'kupeza chitini palibe. Adona anali ndi masiku abwino ndi masiku oipa, ndipo limenelo linali loipa. Atafunsidwa anati sakudziwa, wina waba, n'kuyamba kulira.

Amanejala anatembenuza kompyuta kuti ndione kanema wa kamera ya pakhomo. Ndinadziona ndikutuluka m'chipinda chosinthira zovala, nditafungatira chinthu chokulungidwa m'nsalu, ndikuyang'ana uku ndi uku, kenaka n'kuyamba kuthamanga. Ndinkafuna ambulera yanga, ndipo ndinkathamangira basi, koma kamera sijambula zifukwa. Ndikanakhala woweruza, inenso ndikanati uyo ndi wakuba.

"N'chifukwa chiyani munachibisa m'nsalu?" anafunsa.

"Kunali mvula. Ndipo ndi katundu wa munthu wamkulu, sindikanangomunyamula poyera."

"M'chipinda momwemo muli mapepala apulasitiki. Ndipo ngati munabwerekedwa, bwanji simunalembe?"

Pulasitiki yotayiramo zinyalala, makalata a agogo a munthu? Koma zimenezo ndikanazifotokoza bwanji mu ofesi imeneyo? Ndinatulutsa chitinicho n'kuchiika patebulo chidakali m'chitenje chake, ndipo nkhope ya amanejala inandiuza kuti ndangoipitsa zinthu. Anandiimitsa ntchito mpaka Lachinayi, tsiku la mlandu. Anandiuza mosapsatira kuti zikapezeka kuti ndinatenga popanda chilolezo cha mwini wake, ntchito yatha, ndipo dzina langa lipita kwa akuluakulu amene amaletsa munthu kugwiranso ntchito yosamalira anthu kulikonse m'dziko muno. Ndani akanandilembanso?

Ndili pa siteji ya basi ndinaimbira mayi wina wa kwathu, namwino wokhala ku Normanton mu Derby, amene anandilandira nditangofika kumene. Sitili pachibale, koma ndimawatcha achemwali.

"Akusasipenda? Iwe! Watani?"

Ndinafotokoza.

"Unarekoda mu manotsi?"

"Ayi, achemwali."

"Unauzako sinia wa pa shifiti?"

"Ayi."

"Ndiye unangonyamula katundu wa rezidenti n'kumanga m'chitenje ngati ukupita ku chinkhoswe? Kuno si ku Ntcheu! Siponsa wa viza yako akakudropa upita kuti? Mwanayo umuuza chiyani?"

"Anatambasula manja, achemwali. Ndikanatani?"

Anausa moyo. "Ndikudziwa. Inenso ndikanalandira, koma ndikanalemba. Lachinayi ndiswopa shifiti, ndibwera. Koma umve: mu mitingimo usakalire, ndipo chonde usakagwade."

Masiku atatu amenewo anatalika ngati mwezi. Mwana sindinamuuze. M'mawa ndinkavala yunifolomu, kumusiya kwa aneba amene ankapita naye kusukulu, kuzungulira kuseri, n'kubwerera kukakhala m'nyumba makatani ali otseka, ngati ndine wakuba weniweni. Ndikayang'ana timabuku ta mwana wanga patebulo, ndi nsapato zake za kusukulu zimene zinali zisanathe n'komwe, ndinkatembenukira kumbali. Lachiwiri amayi anaimba okha, zomwe sachita kawirikawiri, ndipo ndinawauza kuti tili bwino. Ndinakwiyira amanejala, ndinakwiyira mwana wa adona, ndinakwiyiranso adona eni ake. Munthu wokumbukira tsiku limene agogo ake anagwetsa mbale, n'kuiwala zimene wachita dzana! Kenaka ndinkachita manyazi ndi mkwiyo wangawo, poti si iwo anasankha kuiwala.

Lachitatu, ndikutsuka kapu imodzi yomweyo kachitatu, lamulo lawo lija linandibwerera: tsegula dayale pa tsiku lomwelo. Adona nawonso anali ndi buku lawo. Madzulo aliwonse chakudya chisanabwere ankalitulutsa pansi pa pilo ya pampando, n'kumalemba ndi cholembera chonenepa chakuda, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala. Sindinayang'anemo ngakhale kamodzi. Sindinkadziwa ngati Lachisanu lija analemba, ndipo ngati analemba, analemba chiyani. Mwina pofika madzulo anali ataiwala kale, n'kulemba kuti wina wawabera. Kupempha bukulo kukanatha kukhala kudzipachika ndekha, koma panalibe pena pogwira.

Lachinayi m'mawa tinakhala anayi mu ofesi: amanejala, mwana wa adona, achemwali ndi ine. Chitini chinali pakati pa tebulo, chitenje changa atachipinda pambali pake ngati umboni. Amanejala anati adona afunsidwa kawiri. Koyamba anati sakukumbukira, kachiwiri anati atopa ndi mafunso. Mwana wawo sanandiyang'ane. Ndinaona kuti sanali munthu woipa. Anali wotopa, maso ali psuu, ndipo ankakhulupirira kuti amayi ake aberedwa ndi munthu amene amawasambitsa.

"Muli ndi chonena?" anafunsa amanejala.

"Ndinalakwa kutulutsa chitini, ndinalakwanso kusalemba. Koma sindinabe. Ndikupempha kuti tione dayale ya amayi, pa tsamba la Lachisanu."

"Mulibe kanthu mmenemo," anatero mwana wawo. "Ndimawagulira chaka chilichonse kuti manja azitanganidwa. Ndi zokhwatchakhwatcha basi. Saona."

"Ndikupemphabe."

Achemwali anandiponda phazi pansi pa tebulo, poti za bukulo sindinawauze. Amanejala anati sangalitsegule mwini wake asanalole, ndiye iwo ndi mwanayo anapita kuchipinda chakumapeto. Ine ndi achemwali tinatsala mu ofesi. Anabwera nalo. Adona akuti avomera, ndipo awonjezera kuti werengani ngati mungathe, poti palibe mmodzi wa inu angathe.

Anatsegula pa Lachisanu. Panali polembedwa. Koma popeza adona sankaona pamene alemba kale, mizere inakwerana, ina kutsetsereka n'kudutsa pa inzake, tsamba lonse lili bii.

"Izi siziwerengeka," anatero amanejala.

"Ine ndikhoza."

"Inu simungawerenge umboni wa mlandu wanu womwe. Mukhoza kunena chilichonse."

Ankanena zoona. Kenaka ndinatembenukira kwa mwana wa adona.

"Ndiye muwerenge inu, mayi. Ine ndingokuuzani kachitidwe kake, monga anandiphunzitsira amayi anu. Tsambalo sindiliyang'ana."

Ndinatembenuza mpando wanga n'kuyang'ana khoma. Ndinawauza kuti atenge envelopu iliyonse aphimbe tsamba, asiye kamzere kapamwamba kokha. Ndinati ayambe ayang'ana masamba a masiku ena, apeze mawu amene akubwerezedwa, chifukwa wolemba dayale amakonda kuyamba mofanana tsiku ndi tsiku. Kumbuyo kwanga kunkamveka mapepala. Achemwali ankapuma ngati akukwera chitunda.

"Akuyamba ndi nyengo," anatero mwanayo patapita nthawi, mawu ake atasintha. "Tsiku lililonse. Apa akuti mvula."

"Tsopano mwadziwa mmene amapindira zilembo zimenezo. Pitani nazo pa Lachisanu. Werengani mokweza, musathamange."

Anayamba, liwu limodzilimodzi, ngati mwana wa sitandade thu. Mvula. Mwendo ukupweteka. Tiyi wozizira. Anakakamira pena nthawi yaitali, kubwerera m'mbuyo, kutsitsa envelopu pang'ono. Kenaka anati, "Chitini cha agogo. Ndabwereketsa kwa..." n'kuima.

"Kwa ndani?" anafunsa amanejala.

"Palibe dzina."

"Popanda dzina sizikutithandiza. Ngati ankaganiza kuti akupatsa inu mwana wawo, kapena m'bale wina amene anamwalira kale, ndiye kuti sankadziwa chimene akuchita, ndipo chilolezocho n'chopanda ntchito."

Ndinayang'anitsitsa kamng'alu ka pakhoma. Ndinaganiza za mmene ndikauzire mwana wanga madzulo ano.

"Dikirani," anatero mwana wa adona. "Pali mawu ena akwera pamwamba pa anzake." Envelopu inakhwekhwereza papepala. "Kwa mtsikana... amene... amagwada."

Ndili chiyang'anire khoma, ndinamva kabati ya mafayilo ikutseguka. Amanejala sanachite kufufuza. Mufayilo yanga munali pepala la dzanja lawo lomwe, lonena kuti wantchito uyu wachenjezedwa kawiri za kugwada, makamaka m'chipinda chakumapeto, ine nditasayina pansi pake. Chinalembedwa, ndiye kuti chinachitika. Achemwali anatulutsa kaphokoso kena pakhosi, kaya kunali kuseka, kaya kulira.

Ndinatembenuka. Mwana wa adona anali asanadzutse mutu. Envelopu inali itatsikira pa mzere womaliza, milomo yake ikuyenda yokha. Tsopano ankatha kuwerenga popanda ine.

"Pali zinanso?" anafunsa amanejala.

"Akuti iwo akadzamwalira, ine ndidzataya zonsezi m'bini. Ndiye bola awerenge wina, iwo adakali moyo kuti amve." Anatseka bukulo pang'onopang'ono. "Ndinanenadi zimenezo chaka chatha, tikusamutsa katundu. Ndinkayesa sanamve."

Chimwemwe changa chinathera pomwepo. Ndinapulumuka, inde, koma ndinapulumukira pa bala la munthu wina, ndipo ndine ndinamulozera pamene lili. Ndinafuna kupepesa, bondo litayamba kale kupinda, achemwali n'kundikoka diresi kumbuyo.

Anandipatsa chenjezo lomaliza lolembedwa, ndipo linandiyenera. Ntchito inatsala. Chitini anati chizikhala mu ofesi, chizitulutsidwa posayina. Ndisanachoke ndinapempha kukaona adona, ndipo amanejala ndi mwana wawo ananditsatira mpaka pakhomo la chipinda. Ndinakoka mpando monga mwa lamulo, ndinakhala, n'kupereka moni.

"Ndani ameneyo?" anafunsa adona, akusinya nkhope. "Ndatopa nawo mafunso. Tulukani."

Ndinayang'ana amanejala. Iwo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, maso ali kuzenera. Ndinatsika pampando ndi kugwada, n'kupereka moni kachiwiri. Dzanja la adona linafufuza m'mwamba mpaka linapeza phewa langa.

"Wachedwa. Ndinati Lolemba. Kalata ija yatheka?"

Ndinawauza kuti yatheka. Kalatayo mtsikana uja analembera mkulu wake, atamva kuti amayi awo amwalira. Analemba kuti sakanatha kubwera ku maliro chifukwa panyumbapo panali alendo, koma chimene chikumutonthoza n'chakuti amayi apita akudziwa kuti iye ali bwino.

"Nanga mu dayale?"

"Ndinatsegula pa tsiku lomwelo, mayi. Palibe kanthu. Masamba ndi oyera milungu iwiri yathunthu."

Adona anagwedeza mutu. Mwana wawo analowa mwakachetechete n'kukhala pa mpando umene ndinausiya uja, envelopu idakali m'manja. Anandifunsa motsitsa mawu ngati mawa ndili pa ntchito, ndipo ngati ndingadzamusonyeze kalata yoyamba, yoyambira pachiyambi penipeni.

Achemwali atakwera basi yawo, ndinatsala ndekha pa siteji, chitenje changa chili m'manja. Ndinaimba foni kumudzi, ngakhale silinali Lamulungu.

"Zikuyenda kumeneko?" anafunsa amayi. Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku ndi wailesi.

Mawu aja akuti tili bwino anali kale pa lilime. Basi yanga inafika, inatsegula chitseko, inatseka, n'kupita.

"Amayi, mlungu uno ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Akanatibweza."

Ndinamva akuzimitsa wailesi, kenaka akukoka mpando.

"Ndinadziwa kuti chilipo," anatero. "Lachiwiri lija unati 'tili bwino' katatu, ine ndisanafunse n'komwe. Yamba poyambirira, usadumphe."